Ukaimba 911, mawu ako amakhala a yani?

Amene amatsatira nkhani za ku America pa TV kapena pa intaneti anawamvapo mawu amtunduwu: munthu akupumira m'mwamba, akutchula dzina la msewu mobwerezabwereza, wolandira foni akumupempha kuti akhazike mtima pansi. Kukachitika ngozi yaikulu, kapena munthu wotchuka akapezeka atakomoka m'nyumba mwake, sipadutsa masiku ambiri zimene anthu analankhula poimba 911 zisanayambe kumveka paliponse. Timamvetsera thupi likuchita tsembwe, koma kawirikawiri sitifunsa kuti mawuwo anatuluka bwanji muofesi ya boma, kapena ngati mwiniwake anafunsidwa. Makhoti ndi nyumba za malamulo za ku America akhala akukokanakokana pa nkhaniyi kwa zaka zoposa 30.

Kodi foni iliyonse yopita ku 911 imajambulidwa?

Inde, ndipo chimene chimasungidwa si mawu okha. Pamakhalanso nambala ya foni yako, malo amene ukuimbira, nthawi imene foni inalowa, zimene wolandira foniyo ankalemba pa kompyuta, ndi nthawi imene apolisi, ambulansi kapena ozimitsa moto ananyamuka ndi kufika.

Nambala yadzidzidzi yamtunduwu inayambira ku London mu 1937, pamene anakhazikitsa 999 potsatira moto umene unapha amayi asanu m'nyumba ina ya pa Wimpole Street mu 1935. Ku America foni yoyamba ya 911 inaimbidwa pa 16 Febuluwale 1968 m'tauni yaing'ono ya Haleyville ku Alabama. Zifukwa zojambulira n'zomveka. Munthu wamantha amameza mawu, ndiye wolandira foni amatha kubweza tepi kuti amvetse bwino. Akuluakulu amaunika nayo ntchito ya anthu awo. Kukhoti nakonso ndi umboni wolemera. Mu 2006, pa mlandu wa Davis v. Washington, Khoti Lalikulu la America linagamula kuti zimene mayi wina ananena pa 911 chibwenzi chake chakale chitangomumenya zikhoza kulandiridwa ngati umboni ngakhale mayiyo sanabwere kukhoti, chifukwa ankalankhula pofuna thandizo ngozi ili mkati.

Nanga atolankhani amawapeza bwanji? Amachita kuhonga apolisi?

Nthawi zambiri amangolemba kalata yopempha, ndipo sikuti ndi atolankhani okha amene angapemphe. Mfundo yake ndi yakuti chilichonse chimene ofesi ya boma yalemba kapena kujambula pogwira ntchito yake ndi cha anthu, pokhapokha lamulo litanena kuti chibisidwe. Lamulo lotchuka la Freedom of Information Act la 1966 limakhudza maofesi a boma lalikulu la ku Washington okha. Malo olandirira mafoni a 911, omwe alipo oposa 5,000, ambiri ali m'manja mwa makhonsolo a mizinda ndi maboma ang'onoang'ono, choncho amayendera malamulo a chigawo chimene alimo. Zigawo zilipo 50, ndipo chilichonse chinaluka lamulo lakelake.

Zimasiyana kwambiri?

Zedi. Ku Ohio, khoti lalikulu la chigawocho linagamula mu 1996, pa mlandu umene nyuzipepala ya Cincinnati Enquirer inakasuma, kuti tepi ya 911 imakhala ya anthu onse kuyambira pomwe yajambulidwa, ndipo apolisi sangaibise ponena kuti akufufuzabe mlandu. Ku Florida tepi imatuluka, koma amayamba afufutamo dzina, adiresi ndi nambala ya foni ya woimba. Ku North Carolina boma likhoza kupereka mawuwo atalembedwa papepala, kapena tepi imene liwu la woimba lasinthidwa kuti asazindikirike. Ku Minnesota liwu la woimba ndi lachinsinsi, koma zimene ananena aliyense angazipeze zitalembedwa, bola alipire mtengo wa ntchito yolembayo. N'chifukwa chake woimba nyimbo Prince atapezeka atamwalira kunyumba kwake ku Paisley Park mu Epulo 2016, dziko linawerenga zimene zinanenedwa pa 911 m'malo momvetsera.

Kwina chitseko n'chotseka ndithu. Lamulo la Pennsylvania la 2008 limati tepi isatuluke pokhapokha ofesi yosunga tepiyo kapena khoti litaona kuti phindu la anthu onse likuposa chifukwa chobisira. Alabama, komwe 911 inabadwira, inakhazikitsa lamulo mu 2010 lofuna chilolezo cha khoti. Ku Rhode Island pamafunika chilolezo cha khoti kapena cha woimba mwiniwake. Anthu awiri amene aona ngozi yofanana, wina ku Cleveland ku Ohio wina ku Providence ku Rhode Island, sakhala pa muyezo umodzi: woyambayo akhoza kudzimva pa wailesi madzulo ake, winayo ayi.

Koma anthu akufuniranji kumva mnzawo akulira pa foni? Si chidwi chabe chofuna kuonerera tsoka la wina?

Chidwi choterocho chilipo, ndipo mawailesi ena amadyerapo. Komabe tepi ya 911 ili ndi chinthu chimene sichipezeka pena paliponse. Imasonyeza zimene boma linauzidwa, nthawi imene linauzidwa, ndi zimene linachita litamva. Lipoti la apolisi amalemba zinthu zitachitika kale, wolembayo akudziwa pamene panalakwika. Tepi ilibe mpata wokonza nkhani.

Pa 22 Novembala 2014 bambo wina anaimba 911 ku Cleveland kunena kuti munthu wina akuloza anthu ndi mfuti papaki. Ananena kuti mfutiyo mwina ndi yachidole, ndiponso kuti munthuyo mwina ndi mwana. Mawu awiriwa sanafike kwa apolisi amene anatumidwa. Galimoto yawo itangoima, m'masekondi awiri okha, wapolisi anawombera Tamir Rice, mwana wa zaka 12 amene ankasewera ndi mfuti yachidole, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Pakanapanda tepiyo, nkhani ikanathera pa wapolisi amene anawomba mfuti. Tepi inasonyeza kuti cholakwa china chinachitikira kutali, padesiki, mfuti isanalire.

Ku Uvalde, ku Texas, pa 24 Meyi 2022, mnyamata wina anapha ana 19 ndi aphunzitsi awiri pasukulu ya pulayimale ya Robb. Tsiku lotsatira bwanamkubwa wa chigawocho, Greg Abbott, anayamikira apolisi kuti anachita zinthu mwachangu ndi molimba mtima. Patangopita masiku awiri zinadziwika kuti apolisi anadikira mphindi 77 asanalowe m'kalasimo, ndipo mkati mwa nthawiyo ana ankaimba 911 ali momwemo, akunong'ona kuti atumizireni apolisi. Komiti ya nyumba ya malamulo ya Texas inapeza kuti pamalopo panafika apolisi 376. Amene ankatsogolera ankati wachiwembuyo wangodzitsekera m'chipinda, koma mafoni a anawo anasonyeza kuti boma linkauzidwa kuti muli ovulala amene adakali moyo. Abbott anabweza mawu ake, n'kunena kuti anachita kunamizidwa.

Si ku America kokha. Anthu 159 atafa pa mpanipani wa ku Itaewon mumzinda wa Seoul pa 29 Okutobala 2022, apolisi a ku South Korea anatulutsa zolembedwa za mafoni 11 amene analandira pa nambala yawo ya 112. Yoyamba inalowa 6:34 madzulo, pafupifupi maola anayi ngozi isanachitike, woimbayo akuchenjeza kuti anthu aponderezana mpaka kufa. Apolisi anapita pamalopo pa mafoni anayi okha. Mkulu wa apolisi m'dzikolo, Yoon Hee-keun, anavomera poyera kuti sanachite zokwanira.

Ndiye bwanji osangotulutsa zolembedwa, liwu n'kulisiya?

Njira imeneyi ndi imene ambiri amaiona ngati yapakati, ndipo inayesedwa kukhoti pa nkhani imene sinali ya 911 n'komwe. Chombo cha mumlengalenga cha Challenger chitaphulika pa 28 Januwale 1986 n'kupha anthu asanu ndi awiri, bungwe la NASA linatulutsa zolembedwa za zimene anthuwo ankalankhula m'chombomo, koma linakana kupereka tepi. Nyuzipepala ya New York Times inakasuma, mlandu unayenda zaka zingapo, ndipo mu 1991 khoti linagamula kuti tepiyo isatuluke. Linati liwu la munthu lili ndi zake zimene pepala silinyamula, ndipo kumva mawu omaliza a okondedwa awo akuulutsidwa kukanawawitsa mtima mabanja popanda kuonjezera chimene anthu angadziwe za ntchito ya NASA.

Vuto ndi lakuti zimene pepala silinyamulazo nthawi zina ndiye nkhaniyo. Pepala silisonyeza kuti wolandira foni anakhala chete nthawi yaitali, kapena kuti ankayankha monyoza, kapena kuti mfuti inalira pa sekondi iti. Pa 5 Ogasiti 2014, John Crawford III, wa zaka 22, anaphedwa ndi apolisi m'sitolo ya Walmart ku Beavercreek, ku Ohio, atanyamula mfuti yampweya imene anaitenga pashelefu ya m'sitolo momwemo. Woimba 911 anati Crawford akuloza anthu ndi mfutiyo. Anthu atalumikiza tepiyo ndi vidiyo ya makamera a m'sitolo, sekondi ndi sekondi, zinaoneka kuti zimene woimbayo ankanena sizinkagwirizana ndi zimene kamera inkaonetsa. Kulumikiza koteroko sikutheka ndi pepala. Palinso funso la amene amalemba pepalalo: ndi ofesi yomweyo imene ikuganiziridwa kuti inalakwa. Mawu amene akanaichititsa manyazi akhoza kulembedwa kuti sanamveke bwino.

Tabwerani kwa woimbayo. Iye amapwetekedwa bwanji tepi ikatuluka?

Kumudzi munthu akakuwa usiku, amamva ndi anansi, iwo n'kuthamangira kudzathandiza, ndipo mfuuyo imathera usiku womwewo. Mfuu ya pa 911 imasungidwa, ndipo ikafika pa intaneti siichokanso. Amene amaimba 911 sanasankhe kukhala munthu wa m'nkhani. Ndi mayi amene mwana wake wasiya kupuma, mnyamata amene wapeza bambo ake atadzimangirira, mtsikana amene wagwiriridwa. Amanena zonse chifukwa akufunsidwa: wodwalayo amamwa mankhwala anji, waledzera kodi, anayamba wafunapo kudzipha, ndani wakumenya. Zinthu zimene akanauza dokotala m'kachipinda, lamulo n'kuziteteza, pano akuziuza ofesi ya boma. Lamulo la 1996 loteteza chinsinsi cha odwala, lotchedwa HIPAA, limamanga zipatala, madokotala ndi makampani a inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo kawirikawiri silifika ku malo olandirira mafoni oyendetsedwa ndi apolisi.

Chitsanzo chimene chinadzidzimutsa dziko lonse la America ndi cha Nicole Brown Simpson. Mu Okutobala 1993 anaimba 911 mwamuna wake wakale, O. J. Simpson, atathyola chitseko n'kulowa m'nyumba. Mayiyo ataphedwa pa 12 Juni 1994, tepiyo inatulutsidwa pasanathe milungu iwiri ndipo inaulutsidwa usana ndi usiku. Ena amati inatsegula anthu maso pa nkhanza za m'banja, ndipo sakunama. Koma inasokonezanso mlandu: woweruza anathetsa gulu la nzika limene linkaunika ngati Simpson ayenera kuzengedwa mlandu, poopa kuti ena mwa iwo anali ataimva kale tepiyo. Mwiniwake wa mawuwo analibe mwayi wonena ngati akufuna kuti dziko limumve ali m'mantha otero.

Kufufuta dzina sikukwanira nthawi zonse. M'tauni yaing'ono liwu la munthu limadziwika. Amene anaimba kunena za mnansi amene amagulitsa mankhwala ozunguza bongo akhoza kuzindikirika ndi mnansi yemweyo, kaya ndi kalankhulidwe kake, kaya chifukwa ananena kuti akuonera pawindo la kukhitchini.

Kodi zimenezi zingachititse anthu kuopa kuimba?

Ndi mfundo imene aphungu amatsamirapo akafuna kutseka matepi. Ine ndimaiona kuti ili ndi mbali ziwiri zosalingana. Nyumba ikamapsa palibe amene amakhala pansi kuganiza za TV, amangoimba. Mantha amagwira ntchito pa mafoni amene munthu amayamba wazengereza: mayi amene akumva mnzake akumenyedwa kuseri kwa khoma, wachinyamata amene mnzake wakomoka ndi mankhwala, munthu wobwera amene mapepala ake sali bwino. Anthu amenewa amakhala kale ndi zifukwa zokhalira chete, ndipo chifukwa china chimodzi chikhoza kuwagonjetsa.

Nanga woimbayo akakhala kuti anamwalira, chinsinsi chake sichifera limodzi naye?

Makhoti a ku America anati chimatsalira abale ake. Mu 2004, pa mlandu wa Favish, Khoti Lalikulu linakaniza loya wina zithunzi za mtembo wa Vince Foster, yemwe anali mlangizi wa zamalamulo ku White House m'nthawi ya Bill Clinton, ponena kuti banja lili ndi ufulu wosasautsidwa ndi zithunzi za imfa ya mbale wawo.

Chaka chotsatira mfundo yofananayo inafika pa mafoni a pa 11 Seputembala 2001. Anthu ambiri amene anatsekeredwa m'nsanja ziwiri za World Trade Center anaimba 911, ndipo kwa ambiri amenewo anali mawu awo omaliza. New York Times inapempha matepiwo, mzinda unakana, ndipo mabanja ena a omwalira anagwirizana ndi nyuzipepalayo pa mlanduwo. Mu Malichi 2005 khoti lalikulu la chigawo cha New York linagawa tepi iliyonse pawiri. Mawu a wolandira foni, amene ndi wantchito wa boma ali pantchito, atuluke. Mawu a woimba abisidwe, pokhapokha iye mwini kapena banja lake atalola. Pa 31 Malichi 2006 matepiwo anatuluka ali choncho: liwu limodzi likufunsa ndi kulangiza, mbali inayo kuli zii.

Ngakhale anali odukaduka, matepiwo anatsimikiza zimene komiti yofufuza za chiwembucho inali italemba mu 2004, kuti olandira mafoni sanauzidwe zoti akuluakulu a ozimitsa moto alamula kuti anthu onse atuluke, ndipo ankapitiriza kulangiza oimba kuti akhale pomwe ali, adikire thandizo. Mabanja ena pambuyo pake anasankha okha kutulutsa tepi yonse ya mbale wawo. Pa zigamulo zonse za nkhaniyi, ichi ndi chimene ndimachiona kuti chinaika malire pamalo oyenera. Wantchito wa boma sangabisale kumbuyo kwa chisoni cha munthu amene anamulephera, ndipo chisonicho chimakhala m'manja mwa eni ake. Chofooka chake chikuoneka pa nkhani ngati ya Tamir Rice ndi ya John Crawford, pomwe mawu a woimba ndiwo mutu wa nkhani. Pamenepo lamulo liyenera kusiya mpata woti khoti lilole kuti nawonso atuluke.

Mabanja amafuna chiyani iwowo?

Samafuna chimodzi. Ku Newtown, ku Connecticut, ana 20 ndi akuluakulu asanu ndi mmodzi ataphedwa pasukulu ya Sandy Hook pa 14 Disembala 2012, mabanja ambiri anachonderera kuti asazunzidwenso ndi zithunzi ndi mawu a tsikulo. Mu 2013 chigawocho chinakhazikitsa lamulo lobisa zithunzi za anthu ophedwa, koma matepi a 911 bungwe la atolankhani la Associated Press linawalimbira mpaka kukhoti. Woimira boma pa milandu, Stephen Sedensky, anakana kuwapereka. Woweruza Eliot Prescott atawamvetsera anavomereza kuti ndi opweteka, koma anati lamulo silikupereka chifukwa chowabisira, ndipo kuchedwa kuwatulutsa kukungodyetsa mphekesera ndi kuchepetsa chikhulupiriro cha anthu pa apolisi. Matepiwo anatuluka pa 4 Disembala 2013. Ku Uvalde zinali zosiyana: makolo ambiri ndiwo ankakuwa kuti zonse zituluke, chifukwa anali atatopa ndi nkhani zosinthasintha za akuluakulu.

Atolankhani akapatsidwa tepi amangoiulutsa yonse?

Kukhala ndi ufulu wopeza tepi ndi kusankha kuiulutsa ndi zinthu ziwiri. Matepi a Sandy Hook atatuluka, mawailesi a kanema ena akuluakulu, kuphatikizapo NBC ndi ABC, anakana kuwaulutsa, ena anaulutsa zidutswa zochepa. Associated Press imene inawamenyera nkhondo inkanena kuti chachikulu n'chakuti atolankhani awamve okha n'kuona ngati apolisi anagwira bwino ntchito.

Atolankhani nawonso amalakwa, nthawi zina moipa. Trayvon Martin, mnyamata wachikuda wa zaka 17, ataphedwa ndi George Zimmerman ku Sanford, ku Florida, pa 26 Febuluwale 2012, NBC inaulutsa foni imene Zimmerman anaimbira apolisi asanawombere. Poidula, anachotsamo pamene wolandira foni anafunsa za mtundu wa mnyamatayo, moti zinamveka ngati Zimmerman anangoyamba yekha kunena kuti akumukayikira chifukwa ndi wachikuda. NBC inapepesa ndipo inachotsa ntchito anthu ena. Chimene chinaulula chinyengocho n'chakuti tepi yonse inali poyera, aliyense akanatha kuimvetsera n'kuyerekeza.

Kodi apolisi sagwiritsa ntchito chinsinsi cha woimba pofuna kubisa zolakwa zawo?

Amatero, ndipo apa m'pamene ndimakayikira malamulo otseka kotheratu. Ofesi imene yasunga tepi ndi yomweyo imene tepiyo ingaichititse manyazi. Tepi ikasonyeza wapolisi akupulumutsa mwana, imatuluka mawa lake. Ikasonyeza kuchedwa, pamabwera mawu akuti kafukufuku adakali mkati, kapena akuti tikulemekeza banja. Ku Uvalde mabungwe a atolankhani anachita kukasuma, ndipo khonsolo ya mzindawo inadzatulutsa matepi ake mu Ogasiti 2024, patadutsa zaka ziwiri.

Ku Rhode Island, atolankhani a ProPublica ndi The Public's Radio anapeza mu 2019 kuti olandira mafoni a 911 m'chigawocho sankaphunzitsidwa mokwanira kulangiza woimba mmene angadinikizire pachifuwa cha munthu amene mtima wake waima, pomwe mphindi zoyambazo ndizo zimalekanitsa moyo ndi imfa. Analembanso za bambo wina amene mchimwene wake anagwa m'sitolo yogulitsa zakudya n'kumwalira. Bamboyo anafuna kumva ngati anthu amene anaimba 911 anapatsidwa malangizo oyenera, koma anakanizidwa tepi chifukwa woimbayo anali munthu wina. Lamulo limene ankati ndi loteteza anthu wamba linatsekera kunja m'bale wa womwalira, n'kuteteza ofesi. Nkhanizi zitatuluka, chigawocho chinakhazikitsa lamulo loti olandira mafoni aziphunzitsidwa.

Tisaiwale kuti tepi imayeretsanso antchito abwino. Tsiku limene George Floyd anaphedwa ku Minneapolis, pa 25 Meyi 2020, mayi wina wotumiza apolisi ankaonera zochitikazo pa kamera ya mumsewu. Ataona kuti apolisi akhalitsa pamwamba pa munthuyo, anaimbira mkulu wawo kumuuza kuti china chake sichili bwino. Foni yakeyo inajambulidwa, ndipo iye ndiye anali mboni yoyamba pa mlandu wa mmodzi wa apolisiwo, Derek Chauvin, mu Malichi 2021.

Ku Britain amachita bwanji?

Kumeneko amayambira mbali inayo. Tepi ya 999 imaonedwa ngati nkhani ya munthu mwini, choncho mlendo sangaipeze kudzera mu Freedom of Information Act yawo ya 2000, pomwe woimbayo akhoza kupempha yake kudzera mu lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2018. Anthu amamva matepi akaseweredwa kukhoti, pa kafukufuku wa imfa, kapena apolisi akasankha kuwatulutsa mlandu utatha. Ntchito imene ku America amagwira atolankhani, ku Britain imagwera komiti zofufuza. Moto wa pa nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London, umene unapha anthu 72 pa 14 Juni 2017, unafufuzidwa ndi komiti ya Sir Martin Moore-Bick, imene inasanthula mafoni a usikuwo imodziimodzi. Foni yoyamba inalowa 12:54 usiku, koma langizo loti anthu akhale m'nyumba zawo linachotsedwa 2:47, moto utazinga kale nyumbayo. Lipoti loyamba linatuluka mu Okutobala 2019. Njirayi imasunga ulemu wa oimba, koma ndi yochedwa, ndipo imadalira kuti boma livomere kukhazikitsa komiti. Imfa ya munthu mmodzi wosadziwika siipeza komiti yotere.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno?

Maziko a mkanganowu tili nawo kale m'malamulo. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi amapereka ufulu wa chinsinsi pa gawo 21 ndi ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga pa gawo 37. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, loyang'aniridwa ndi Malawi Human Rights Commission, ndipo mu 2024 panabwera lamulo loteteza uthenga wa anthu. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amaimba 10111 akafuna apolisi, kulinso malamulo awiri otere, PAIA ndi POPIA. Paliponse pamene malamulo awiriwa akhalira limodzi, banja limene mbale wawo anafa akudikira ambulansi likhoza kufunsa kuti foni inalowa nthawi yanji ndipo anaiyankha ndani. Zimene zachitika ku America zikusonyeza kuti nthawi ndi mawu a wantchito wa boma zikhoza kuperekedwa popanda kuvula woimbayo.

Masiku ano mafoni ali ndi makamera. Zisinthanso?

Zayamba kale. Malo ambiri a 911 tsopano amalandira mameseji, ndipo ena amatha kutumizira woimba ulalo woti atsegule kamera ya foni yake kuti wolandirayo aone yekha zimene zikuchitika. Malamulo ambiri amene tatchulawa analembedwa anthu akuganiza za tepi ya mawu. Liwu ungalisinthe, dzina ungalifufute, koma vidiyo ya m'chipinda chogona imasonyeza nkhope, thupi la wodwala, ana amene aima pakhomo, ndi anthu ena amene sanaimbe foni n'komwe. Zigawo ngati Florida ndi Connecticut zili ndi malamulo obisa zithunzi za anthu akuphedwa kapena ophedwa, koma mafoni ambiri a 911 sakhala a imfa. Amakhala a munthu wagwa kubafa, wabereka mwadzidzidzi, kapena wasokonezeka mutu, ndipo munthu ameneyo adzachira n'kubwerera kuntchito pakati pa anthu amene mwina anaiona vidiyoyo.

Amene ali ku America angaimbe 911 osatchula dzina lake?

Angathe kukana kutchula dzina, ndipo thandizo limatumizidwabe. Akhozanso kuuza wolandira foni kuti sakufuna kuti apolisi afike pakhomo pake, ndipo zimenezo zimalembedwa. Koma nambala ndi malo zimaoneka pa kompyuta ngakhale foniyo ili yobisa nambala. Mu 2014, pa mlandu wa Navarette v. California, Khoti Lalikulu linalola apolisi kuimitsa galimoto potengera foni ya munthu amene dzina lake silinadziwike, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti woimba 911 akhoza kulondoledwa, choncho sanganame mwachisawawa. Amene waimba kale ndipo akuda nkhawa kuti tepi yake ituluka afunse msanga ku ofesi imene inalandira foniyo kuti lamulo la chigawo chake likuti chiyani. Amene akufuna tepiyo kuti ikamuthandize pa mlandu kapena pa dandaulo apemphe msanga polemba kalata, chifukwa malo ambiri amasunga matepi kwa nthawi yoikika, kwina masiku 30 okha, kenako n'kuwafufuta.